Ulendo wa ku Msinja, Kwawo kwa Makeŵana

Mwana wanga wachisamba, amene ali ku sekondale, adabwera kutchuthi ndi buku la mbiri yakale lokhala ndi zithunzi. Tsiku lina madzulo, tili pakhonde kwathu kuno ku Mchinji, adandiwonetsa chithunzi cha mizati ingapo yamiyala itaima payokha pamtsetse wa phiri, yopanda denga, yopanda khoma. Adati malowo ndi Delphi, m'dziko la Greece, kumene anthu akale ankapita kukafunsira kwa mulungu wawo Apollo. Adandifotokozera mwaluso ndithu, mpaka ine ndidanyadira kuti ndalama za sukulu sizikupita pachabe. Atatha ndidamufunsa kuti, "Nanga za ku Msinja udamvapo?" Iye adandiyang'ana nati, "Msinja ndiye kuti, bambo?"

Funso limeneli lidandisoŵetsa tulo. Mnyamata wodziŵa kachisi wa Agriki amene ali kutsidya kwa nyanja zamchere sadziŵa kachisi wa makolo a agogo ake, amene munthu angathe kukamuwona ndi kubwerako tsiku lomwelo. Ndipo mlandu sudali wake. Mayi anga, a mfunda wa Banda, ankatisimbira tili ana kuti mvula ikakana, akuluakulu a kwawo ankatuma amithenga kumka ku Msinja atanyamula nsalu yakuda. Ine nditakula ndi kukhala mkulu wa mpingo ndidaziika pambali nkhani zimenezi, poganiza kuti sizoyenera kuzitchula m'nyumba ya Mkhristu.

Ndisanapite ndidakayamba ndawonana ndi Abusa, pakuti mkulu wa mpingo akawonedwa pakachisi wa mizimu anthu sangalephere kulankhula. Abusa adandifunsa funso limodzi lokha: kodi ndikupita kukawona kapena kukapempha? Nditayankha, adati ndipite, ndipo ndikabwerako ndidzalembe zimene ndawona.

Tidanyamuka mbandakucha Loŵeruka lina la mwezi wa Okutobala, dzuŵa likuwotcha monga lichitira mvula ikayandikira. Za msewu wa ku Lilongwe palibe chosimba: Kamwendo, Namitete, Msundwe, minda yogalauzidwa kale ikudikira madzi. Titafika ku Lilongwe tidapatukira kumwera, ndipo phula litatha tidayamba kumwa fumbi. Kutsogolo kwathu kudatambalala mapiri a Dzalanyama, amene ali m'malire a Malaŵi ndi Mozambique. Ife a ku Mchinji malire tidaŵazoloŵera, ndipo tidziŵa kuti Mcheŵa wa ku Chipata, wa ku Katete ndi wa ku Tete ndi mbale wathu. Pamene Msinja adali pa ulemerero wake mizere imeneyi kudalibe, ndipo opempha mvula ankachokera mbali zonse.

M'njira mnyamata uja adapitiriza za Delphi, ndipo ndizilemba pano mwachidule chifukwa zidatithandiza kumvetsa zimene tidakawona. Kachisi wa Apollo adamangidwa pamtsetse wa phiri la Parnassus. M'katimo munkakhala mayi wotchedwa Pythia, amene ankayamba wasamba pakasupe wopatulika, nakhala pa mpando wa miyendo itatu, kenaka n'kumalankhula mawu amene anthu ankati ndi a mulunguyo. Sankafunsidwa tsiku lililonse ayi, koma tsiku limodzi pamwezi, miyezi 9 pachaka. Mafumu ankatumiza mphatso za golide. Imodzi mwa mafumuwo idali Croesus wa ku Lydia, amene adafunsa ngati kudali koyenera kuthira nkhondo Aperisi. Adamuyankha kuti akatero adzagwetsa ufumu waukulu. Iye adapita mokondwa, ndipo ufumu umene udagwa udali wake womwe. Amene adamugonjetsa ndi Cyrus, yemwe Buku Lopatulika limamutcha Koresi, uja adalola Ayuda kubwerera kwawo kuchoka ku Babulo. Agriki ankasimbanso kuti malowo poyamba ankalondedwa ndi chinjoka chotchedwa Python, chimene Apollo adachipha. Nditamva za mayi wobwebweta, za madzi opatulika ndi za njoka, ndidangoti, "Dikira tifike."

Tidafika dzuŵa lili pamutu. Mlendo saloŵa m'mudzi wa eni ngati mbuzi, choncho tidayamba kwa a mfumu kukapereka moni ndi kunena chimene tadzera. Iwo adatipatsa nkhalamba ina yoti itiperekeze. Agogowo, atamva kuti mayi anga adali a Banda, adaseka nati, "Ndiye kuti mwabwera kwanu, simuli alendo." Za bambo anga, amene adali Mngoni wa kwa Mlonyeni, ndidayamba ndakhala chete.

Amene akuyembekeza kuwona mizati ndi miyala yosema ku Msinja adzakhumudwa, monga adakhumudwira mwana wanga. Tidayenda pang'ono kupyola minda, tidafika pa msitu wa mitengo ikuluikulu imene nkhwangwa siikhudza, ndipo agogo adatiuza kuti tivule nsapato. M'katimo mudali mthunzi ndi kachisisira, ngakhale kunja kudali ng'amba. Pamalo osesedwa bwino padali kanyumba kakang'ono ka mitengo ndi udzu, koti munthu wamkulu sangaloŵemo ali chiimire. Mnyamata adandinong'oneza kuti, "Basi, ndi kameneka?" Ndidamutsina kuti akhale chete.

Agogo adakhala pa muzu wa mtengo nayamba kusimba, ndipo zambiri zimene adanena zikugwirizana ndi zimene adalemba a W. H. J. Rangeley m'chaka cha 1952 pofotokoza za akachisi aŵiri a mvula a m'dziko muno. Mwini malo ano adali mayi wotchedwa Makeŵana, ndiko kuti mayi wa ana onse. Sankakwatiwa ndi munthu, pakuti ankayesedwa mkazi wa Chauta. Sankameta tsitsi, chifukwa anthu ankakhulupirira kuti kumeta iye ndiko kumeta mvula. Udindo wake sudali wachibadwidwe monga ufumu. Makeŵana akamwalira anthu ankadikira kufikira atawoneka mayi wina wogwidwa ndi mzimu, akubwebweta, ndipo akuluakulu a pakachisi ankamuyesa ndi mafunso asanamulandire. Ankatumikiridwa ndi atsikana otchedwa Matsano, amene sankaloledwa kukwatiwa ali pa ntchitoyo. Padalinso mwamuna wa udindo wa Kamundi, woimira Thunga, njoka yopatulika imene ankati ndi mthenga wa Chauta. Chilala chikavuta, Makeŵana ankapita kudziŵe lopatulika lotchedwa Malaŵi kukamira m'madzi ndi kupempha mvula, ndipo nsembe zake zidali za mtundu wakuda, wofanana ndi mitambo ya mvula.

Apa mwana wanga adasiya kuyang'ana kanyumba kaja nayamba kuyang'ana agogo. Ndidawona milomo yake ikuŵerenga chamumtima: mayi, madzi, njoka.

Koma padali chinanso chimene sindifuna kuchibisa, pakuti alipo ena masiku ano amene amasimba za makolo ngati kuti zonse zidali zokoma. Pakachisi padali ng'oma yopatulika yotchedwa Mbiriwiri, ndipo woiimba adali ndi udindo wa Tsang'oma. Mvula ikakanitsitsa, Makeŵana sankapezeka wolakwa. Mlandu unkagwera Tsang'oma, ndipo ankatha kuphedwa kumene. Agogo adanena zimenezi mosabisa ndi mosachita manyazi, monga munthu anena za chaka cha dzombe. Ine ndidaganiza za munthu ameneyo akuyang'ana kumwamba mwezi wa Disembala, mtambo wopanda ndi kachigamba komwe, akudziŵa chimene chikumudikira. Ndidakumbukiranso Croesus. Ku Delphi nakonso mawu akalephera, wolakwa ankakhala wofunsayo, kuti sadamvetse bwino. A Steve Chimombo adalemba seŵero la Chingerezi lotchedwa The Rainmaker lochokera pa nkhani za pamalo ano, ndipo achinyamata oŵerenga Chingerezi angachite bwino kulifunafuna.

Ndidafunsa za Kaphirintiwa. Agogo adaloza ndi ndodo yawo chakumapiri. Kumeneko, adatero, ndiko kudayambira kachisi asanasamukire kuno, ndipo kuli thanthwe lokhala ndi mapazi a anthu ndi a nyama. Makolo ankati pachiyambi dziko lidali louma, lopanda chamoyo. Tsiku lina kumwamba kudatseguka, mvula idagwa, ndipo mwamuna ndi mkazi adatsika atanyamula khasu, lichero ndi mtondo, pamodzi ndi Chauta ndi nyama zonse. Thanthwe lidali lofeŵa, n'chifukwa chake mapazi adatsalira. Onse adakhala mumtendere kufikira tsiku limene munthu adapeka moto natentha tchire. Nyama zidathaŵa zili ndi ukali, kupatula zoŵeta monga galu ndi mbuzi zimene zidathaŵira kwa munthu, ndipo Chauta adakwera kumwamba pa ulusi wa kangaude. Iyi si nkhani ya m'buku la Genesis, ndipo sindikuti tiziiphunzitsa ku Sande Sukulu m'malo mwake. Koma ndidazizwa kuti makolo athu, Uthenga usanafike ku Mvera m'chaka cha 1889, ankadziŵa kale kuti padali nthaŵi imene Mulungu ndi munthu adali pamodzi, ndi kuti amene adawononga chiyanjanocho ndi munthu.

Pamene agogo adafika pa za kugwa kwa Msinja ndidayenera kuulula. Iwo adati kale pano padali mudzi waukulu wopanda linga, wolemekezedwa ndi mafumu, Undi yemwe, ndipo adauwononga ndi Angoni m'zaka za m'ma 1800, ataoloka kale Zambezi mu 1835. Ndidati, "Agogo, bambo anga adali Mngoni." Adandiyang'ana kanthaŵi, kenaka adaseka mpaka kutsokomola. "Ndiye kuti theka la inu lidatentha, theka lina lidalira," adatero. Ambiri a ife ku Mchinji tili otero, ndipo Lamulungu timakhala pa benchi limodzi.

Tili pobwerera mnyamata adadandaula kuti Agriki adamanga ndi miyala, ife ndi udzu, n'chifukwa chake iwo ali m'mabuku. Adanena zowona, komabe padali china chimene sadachiwone. Delphi adatsekedwa chakumapeto kwa zaka za m'ma 300, pamene mfumu ya Aroma Theodosius idaletsa chipembedzo cha milungu yakale. Malowo adakwiririka mpaka anthu adamangapo mudzi wotchedwa Kastri, ndipo padafunika kuusamutsa mudziwo pamene akatswiri a ku France adayamba kufukula mu 1892. Mwala ukhoza kukhala zaka 1,000 popanda wousamala. Udzu sutero. Chiswe ndi mvula zimautha m'zaka zoŵerengeka. Tsono ngati kanyumba kaja tidakapeza kali chiimire, pansi pali posesa, ndiye kuti alipo amene amakafolera ndi kusesapo. Delphi ndi bwinja, ndipo Mkhristu angathe kuliyamikira mopanda vuto, popeza palibe amene adzayesedwa kukagwadira Apollo. Msinja si bwinja kwenikweni. N'chifukwa chake Abusa adandifunsa funso lija.

Ndipo funsolo si lachibwana kwa mlimi. Ife a ku Mchinji sitidaiŵale njala ya 2002, pamene anthu ankadya gaga ndi mizu, ndipo tidaika m'manda anansi athu. Akuluakulu amasimba za 1949. Mu 2024 mvula idadukiza pakati pa dzinja mpaka boma lidalengeza za ngozi m'maboma 23 mwa 28. Munthu amene waona chimanga chake chikufota chitamasula ngayaye sangaseke amithenga aja onyamula nsalu yakuda. Ine sindiŵaseka. Ndikuti adagogoda pakhomo lolakwika, koma ludzu lawo lidali lenileni, ndipo Amene ankamufunafuna ankamutchula dzina loti Chauta, lomwe lili m'nyimbo zathu zina ndi m'Buku Loyera lero lino.

Usiku umenewo titafika kunyumba tidatsegula Machitidwe a Atumwi. Pa mutu 16 pali mtsikana wa ku Filipi amene adali ndi mzimu wambwebwe, ndipo ambuye ake ankapindula naye. Abusa adandiuza pambuyo pake kuti m'Chigriki mzimuwo ukutchedwa ndi dzina la Python, njoka ya ku Delphi ija. Paulo sadachite nawo mantha mzimuwo, sadaupembedze, koma adaulamula m'dzina la Yesu Khristu kuti utuluke, ndipo adakwapulidwa ndi kuponyedwa m'ndende chifukwa cha ichi. Tidabwereranso pa mutu 14, pamene Paulo yemweyo akuuza anthu a ku Lustra, opembedza milungu ya Agriki, kuti asiye zachabezo, komanso kuti Mulungu wamoyo sadaŵasiye opanda umboni m'mibadwo yonse yakale. Umboni umene adautchula poyamba ndi mvula.

Mnyamata adaŵerenga ndimeyo kaŵiri. Kenaka adafunsa ngati agogo ake aakazi, mayi anga, adafikako ku Msinja. Ndidati ayi, iwo adabatizidwa ali mtsikana, koma amayi awo ndiwo adawona amithenga akunyamuka. Adatenga buku lake lija, natsegula pa tsamba la chithunzi cha Delphi, nalemba ndi pensulo m'mphepete mwake maina anayi: Makeŵana, Kamundi, Matsano, Tsang'oma. Amake adamukalipira kuti bukulo ndi la sukulu, adzalipitsidwa. Kunja kudali mphezi chakumadzulo, cha ku Chipata, koma usiku umenewo siidagwe.