Tsiku Limodzi pa Njira ya Pakati pa Michesi ndi Mulanje

Munthu akaima pamsika wa Chiringa, m'dera la Mfumu Yaikulu Nazombe m'boma la Phalombe, n'kutembenukira kumapiri, amaona Michesi pafupi ndi Mulanje kumbuyo kwake. Pakati pa mapiri awiriwa pali mpata. Kum'mawa kuli Mozambique, pafupi kwambiri moti anthu amapalasa njinga kukagula chimanga n'kubwerako tsiku lomwelo. Lero dera limeneli ndi la nandolo, mpendadzuwa ndi chinangwa, koma m'zaka zosakwana 150 ladutsitsa magulu anayi a anthu ovutika: akapolo omangidwa m'magoli, Alhomwe othawa nkhanza za Apwitikizi, otsatira a John Chilembwe othawa asilikali, ndi mabanja othawa nkhondo ya ku Mozambique.

Ana athu anabadwira m'tauni, ndipo zimenezi amangozidziwa ngati mayankho a mayeso. Pa tchuthi cha mwezi wa Ogasiti tinagwirizana zoti tiwaonetse malo enieniwo. Agogo awo sangathe kuyenda mtunda wautali, ndipo minibasi siimira munthu wofuna kuona zipupa zakugwa. Choncho tinachita hayala Sienta ya bambo wina wa konkuno, amene anansi anatiuza kuti amadziwa misewu komanso mbiri yake. Tinagwirizana mtengo wa tsiku lonse, kuphatikizapo nthawi yodikira, ndipo tinanyamuka Lamlungu m'mamawa titatenga madzi akumwa, mbatata yophika, nthochi ndi mtedza wokazinga.

Ulendo wotere si wachilendo kunja kuno. Mumzinda wa Belfast ku Northern Ireland, madalaivala a matakisi akuda amatenga alendo kuwayendetsa m'misewu ya Falls ndi Shankill, kuwaonetsa makoma amene analekanitsa anthu pa mkangano womwe unapha anthu oposa 3,500 usanathe ndi pangano la mu 1998. Kumeneko mbiri inajambulidwa pamakoma. Kwathu kuno zikwangwani n'zochepa. Zambiri zili m'kamwa mwa anthu, ndipo n'chifukwa chake munthu amene wagwira chiwongolero amakhala wofunika kuposa galimoto.

Pa linga la Fort Lister

Tinadutsa pa Migowi ndi pa boma la Phalombe, kenaka tinayamba kukwera msewu wafumbi wolowa mumpata uja. Dalaivala wathu anaimitsa galimoto pamene msewu unayamba kuvuta, ndipo tinamaliza wapansi, agogo akubwera pang'onopang'ono ndi ndodo yawo.

Zimene zatsala pa Fort Lister ndi maziko a miyala ndi zidutswa za zipupa zomwe udzu ukulimbana nazo. Angerezi anamanga lingali mu 1893, patangopita zaka ziwiri dziko lino litakhala pansi pa ulamuliro wawo, bwanamkubwa ali Harry Johnston. Analimanga pamenepa chifukwa mpatawu unali khomo. Amalonda a minyanga ya njovu ndi akapolo ochokera ku chigwa cha Shire ndi ku nyanja ankadutsa apa polowera ku gombe la Quelimane, ndipo pobwerera ankabwera ndi nsalu, mikanda, mfuti ndi wonga. Mafumu amphamvu a m'mbali mwa phirili, monga Chikumbu ndi Matipwiri, ankalamulira njirazi. Kuseri kwa phiri kunamangidwanso linga lina lotchedwa Fort Anderson. Ena mwa asilikali amene Johnston anagwiritsa ntchito pa nkhondo zimenezi anachokera ku India.

Dalaivala anatiuza kuti tiyang'ane kumbuyo kumene tinachokera. Chigwa chonse cha Phalombe chinali pansi pathu, mpaka kulowera ku nyanja ya Chilwa. Anati munthu womangidwa akafika pamenepa, kanali komaliza kuona kwawo. Kenaka anatitengera pa manda a mzungu wina, Gilbert Stevenson, wachibale wa mlembi wotchuka Robert Louis Stevenson, amene anamwalira akugwira ntchito palingali. Mtsikana wathu wamkulu anafunsa kuti nanga manda a akapolo amene anafera m'njira ali kuti. Palibe amene akanamulozera. Anthuwo sanalembedwe m'buku lililonse.

Chinanso chimene bamboyu sanabise n'chakuti linga lomwe linatseka njira ya akapolo linatsegula njira ya msonkho. Asilikali amene anathamangitsa ogula anthu ndi omwenso ankaonetsetsa kuti nyumba iliyonse yakhoma msonkho kwa atsamunda. Ntchito ya lingali inatha kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, koma msonkho unatsala.

Funso la mwana

Tili pomwepo, mnyamata wathu wamng'ono anafunsa funso limene akuluakulu timalizemba: “Ndiye oipa anali a mtundu uti?”

M'banja mwathu muli magazi a Chilhomwe ndi a Chiyao, monga mmene zilili m'mabanja ambiri a ku Phalombe, Mulanje ndi Chiradzulu. Yankho losasamala likanagawa galimoto pakati. Dalaivala anayankha modekha kuti ogulitsa anthu anali mafumu ndi amalonda owerengeka okhala ndi mfuti, kuti Ayao wamba ambiri nawonso anagwidwa n'kugulitsidwa, ndiponso kuti malondawo sakanakhalapo popanda ogula a kugombe ndi eni minda a kutsidya kwa nyanja. Anauza mwanayo kuti azifunsa dzina la munthu ndi chimene anachita, chifukwa mtundu wonse sugwira mfuti imodzi.

Yankho limenelo tinalisunga, chifukwa mwana amatenga chidani pamphasa yomwe amadyera nsima. Mawu amene timatchulira mtundu wina tikamacheza madzulo ndi amene iye adzawagwiritse ntchito kusukulu, ndipo tsiku lina posankha bwenzi kapena povota.

Alhomwe ndi Chilembwe

Titakhala pamthunzi kudya mbatata, agogo anatenga nkhani. Makolo awo anabwera kuchokera kum'mawa, monga Alhomwe ambirimbiri amene analowa m'dziko muno kuyambira cha m'ma 1890 mpaka zaka makumi angapo zotsatira. Ankathawa msonkho wa Apwitikizi, ntchito yokakamiza, ndi mbalamatodya, thabwa lomenyera m'manja. Atafika kuno, ambiri analibe malo awoawo, ndipo anakakhala m'maesiteti a azungu momwe analipira malo ndi thangata. Ankatchedwa dzina lonyoza limene agogo anakana kulitchula pamaso pa adzukulu.

Ambiri mwa otsatira a John Chilembwe anali anthu amenewa. Chilembwe anayamba ntchito kwa mmishonale Joseph Booth mu 1892, anapita naye ku America mu 1897, ndipo atabwerako mu 1900 anayambitsa Providence Industrial Mission ku Mbombwe m'boma la Chiradzulu. Owerenga magazini ino adziwa dzina la Booth, pakuti ndi yemweyo amene mu 1902 anabwera ndi Thomas Branch pa mishoni ya Plainfield ku Thyolo, yomwe pambuyo pake inatchedwa Malamulo. Chakumapeto kwa 1914 Chilembwe analemba kalata ku nyuzipepala ya Nyasaland Times kudandaula kuti anthu akuda akufera nkhondo ya azungu. Usiku wa pa 23 Januwale 1915 anthu ake anaukira esiteti ya Magomero n'kupha William Jervis Livingstone. Kuukirako kunalephera m'masiku owerengeka. Chilembwe anathawira chakuno, akulunjika ku Mozambique, ndipo pa 3 Febuluwale 1915 anawomberedwa m'dera la Mulanje, lomwe panthawiyo linkaphatikiza Phalombe yense. Anaikidwa mwachinsinsi.

Dalaivala anatulutsa ndalama ya K2,000 n'kuwaonetsa ana nkhope ya Chilembwe. Kenaka analoza chigwa chija n'kunena kuti munthu ameneyu masiku ake omaliza anawathera m'tchire longa limeneli, akuyenda mobwerera njira imene anthu ake anabwerera.

Ku Muloza

Tinatsikira mbali ya kum'mawa kwa phiri, n'kudutsa m'dera la Nkhulambe, momwe miyala ikuluikulu imene inagubuduzika ndi namondwe wa Freddy mu 2023 idakali m'minda. Masana tinafika pachipata cha Muloza. Kutsidya kwa mtsinje kuli tauni ya Milange. Sitinawoloke. Tinangoima n'kumaona njinga zolemedwa ndi matumba zikulowa ndi kutuluka.

Apa mawu a dalaivala anasintha, chifukwa nkhani inafika pakhomo pake. Mayi ake anawoloka malire amenewa ali mtsikana. Nkhondo ya pakati pa boma la Frelimo ndi gulu la Renamo inayamba mu 1977, ndipo inafika poipa m'chigawo cha Zambezia mu 1986, pamene Renamo inalanda Milange. Anthu anakhamukira ku Malawi ndi zimene akanatha kusenza pamutu. Pofika kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, dziko lathu linkasunga othawa kwawo oposa miliyoni imodzi. Pangano la mtendere linasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992, ndipo m'zaka zotsatira ambiri anabwerera. Ena, monga mayi a bamboyu, anali atakwatiwa kuno, ndipo anatsala.

Iye anafotokoza zimene mayi ake anaona: midzi yotenthedwa usiku, anyamata otengedwa mokakamiza, anthu osenzetsedwa katundu wa asilikali mpaka kugwa. Mlandu wonse anauika pa mbali imodzi. Agogo anamusiya amalize, kenaka anati: “Mwanawe, amene ndinawasunga ine ankathawa asilikali a mbali inayo.” Bamboyo anakhala chete kanthawi, n'kuvomera kuti zoterozo anazimvanso. Apa tinaphunzira kanthu kokhudza maulendo otere. Wokuyendetsani amakupatsani mbiri monga inafikira kunyumba kwake, ndipo ndi yoona, koma ndi ya khomo limodzi. Ndi bwino m'galimoto mukhale munthu wachiwiri amene anaona ndi maso ake.

Kubwerera ku Chiringa

Dzuwa litapendeka tinatenga msewu wobwerera ku Chiringa, ndipo dalaivala anatiimitsa pafupi ndi pamene panali msasa wa othawa nkhondo. Mlendo sangadziwe. Pali minda, mitengo ya mango ndi nyumba za malata. Agogo ndi amene anakumbukira mizere ya anthu odikira ufa, nyemba ndi mafuta, komanso maliro a ana pa nthawi ya chikuku ndi kolera.

Matenda ena amene anavuta m'misasa ya m'chigawo cha kummwera ndi ofunika kuti banja lililonse liwadziwe. Mu 1990 anthu oposa 18,000 mwa othawa nkhondo anadwala pelagra, matenda obwera thupi likasowa vitamini B3. Khungu la pakhosi, pamikono ndi pamapazi, pamene pamawomba dzuwa, limada n'kumasupuka ngati lapsa. Munthu amatsegula m'mimba, ndipo matenda akakula mutu umasokonezeka. Chinayambitsa mliriwu n'chakuti mtedza unasiya kupezeka pa chakudya chogawidwa, anthu n'kumadalira kwambiri chimanga. Amene anali ndi kadimba kawo, kapena amene ankakhala m'midzi pakati pa eni dziko, sanadwale kwambiri ngati a m'misasa. Phunziro lake likugwirabe ntchito m'chaka cha njala: nsima yokha imadzaza mimba koma siteteza thupi. Nsinjiro m'ndiwo zamasamba, chiponde m'phala la ana, nandolo, khobwe ndi nyemba zisasowe pakhomo, ndipo pogulitsa zokolola tiyambe tapatula za banja.

Agogo anatiuza kuti iwo anapatsa mayi wina wa ana atatu kachigawo ka munda kuseri kwa nyumba. Anati sanaganize nthawi yaitali, chifukwa agogo awo omwe anafika m'dera lino chimodzimodzi, opanda khasu ngakhale mbewu. Nkhani imeneyi ife ana awo tinali tisanaimvepo. Inatuluka chifukwa tinawafikitsa pamalopo.

Ngati mukufuna kuyenda ulendo wotere

Pitani m'chilimwe, chifukwa msewu wa mumpata ndi wa Muloza umavuta mvula ikagwa. Funsani anthu a m'deralo kuti akulozereni dalaivala wodziwa mbiri, ndipo mugwirizane mtengo musananyamuke, kuti asamathamangire kukatenga ena. Musalole kuti galimoto idzaze kupitirira mipando yake. Mukafika pamalo akale, yambani mwalonjera anthu okhala pafupi kapena a mfumu, ndipo musachotse mwala kapena kulemba maina pazipupa. Musajambule munthu musanapemphe, makamaka pachipata cha dziko.

Koposa zonse, samalani ndi achikulire amene mwawatenga. Munthu amene anaona nkhondo akhoza kulankhula mosadodoma kwa ola lathunthu, kenaka n'kusowa tulo usiku. Akasiya nkhani pakati, musawakakamize kuimaliza. Akalira, musawauze kuti zinapita kalekale. Khalani nawo pafupi madzulo amenewo, ndipo ngati maloto oipa, mantha kapena kusadya zikupitirira kwa masabata, apititseni kuchipatala, pakuti mabala a mumtima nawonso ali ndi chithandizo.

Anthu amene anali akuluakulu mu 1986 tsopano akukalamba, ndipo chaka chilichonse timaika ena m'manda pamodzi ndi zimene ankadziwa. Ife tagula kope, ndipo mtsikana wathu wamkulu wayamba kulemba maina a midzi imene makolo a agogo anadutsamo, dzina la mayi uja wa ana atatu, ndi mbewu zimene anadzala kuseri kwa nyumba. Banja lililonse la kuno lili ndi munthu woti afunsidwe, ndipo ambiri a iwo akungodikira kuti mdzukulu akhale pansi ndi cholembera.