Ndere za ku Japan, mfutso wa ku Chifunde

Ntchito imene imandidyetsa kuno ku Cape Town ndi yokulunga masamba mu ndere. Wina akamva zimenezi ku Mualadzi kapena ku N'sadzu, kwathu ku Chifunde, aseka mpaka kugwira nthiti, chifukwa kwathu ndere ndi zoterera zija zimagwetsa anthu pamiyala ya mumtsinje wa Luia, ndipo palibe amene anaganizapo zoziika m'mbale. Kuno zili pamtengo, ndipo ozidya ndi anthu a ndalama zawo.

Khitchini ya malo odyera amene ndimagwirako ntchito ilibe mbaula. Eni ake pamodzi ndi makasitomala awo sadya nyama, nsomba, mazira kapena mkaka, komanso salawa chilichonse chimene chafika pamoto. Lamulo lawo n'lakuti chakudya chisatenthe kupyola madigiri 48, ena okhwimitsa amati 42, poti amakhulupirira kuti moto umapha mphamvu ya chakudya. M'malo mwa mafuwa tili ndi makina opera ndi kabati youmitsira zinthu ndi kamphepo kofunda.

Ndere zimenezi amazitcha nori. Zimabwera m'mapaketi kuchokera ku Japan, Korea ndi China, zitaumitsidwa n'kukhala timapepala takuda, kotalika masentimita 21, m'lifupi 19, kolemera pafupifupi magalamu atatu basi. Zowamba zimaoneka zobiriwira, koma ife timagwiritsa ntchito zosawamba, zakuda mofiirira, poti zowamba zalawa kale moto. Ndimayala kapepalako pa kamphasa kansungwi, mbali yonyezimira pansi. Ndimapakapo phala la mtedza wa kaju, n'kuwazapo kolifulawa wogaya amene amalowa m'malo mwa mpunga, kenaka ndimandandalika mapeyala, karoti ndi nkhaka zodula motalika. Ndikapinda ndi zala zonse, ndimanyowetsa m'mphepete ndi dontho la madzi kuti pamatane, ndipo mpeni wodulira uyenera kukhala wakuthwa ndi wonyowa. Ukachedwa pang'ono, kapepalako kamayamwa chinyontho n'kulobodoka ngati tsamba la fodya m'chigafa m'mawa wa nkhungu. Mwana wa mlimi wa fodya sachita kuuzidwa zimenezi, zala zimadziwa zokha.

Nditawafotokozera amayi pafoni za ntchito yanga, anayamba akhala chete.

"Ndiye kuti nkhuni zavuta kumeneko, mwana wanga?"

"Iyayi amayi, amachita kufuna okha."

"Nanga akudwala?"

"Akuti akupewa kudwalako."

"Ayi, kuli anthu kunja kuno. Koma iwe uziphika."

Ndimaphikadi. Komabe ndere zija sindizinyoza, chifukwa ndazindikira kuti kuseri kwake kuli anthu amene analemekeza ndiwo zawo. Anthu a ku Edo, mzinda umene lero ndi Tokyo, ndiwo anayamba kuzigaya ndi kuziyala m'timapepala zaka za m'ma 1700, potengera luso lopangira mapepala olembapo. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, ulimi wa nori unagwa, ndipo alimi sankadziwa kumene mbewu yake imabisala chilimwe chonse. Anawapulumutsa ndi mayi wina wasayansi wa ku Manchester, Kathleen Drew-Baker, amene mu 1949 anaonetsa kuti mbewu ya ndere za mtundu umenewu imakulira m'zigoba za nkhono za m'nyanja. Mayiyu anamwalira mu 1957 asanapondepo ku Japan, koma ku Uto, m'mbali mwa nyanja ya Ariake, anamumangira chipilala, ndipo pa 14 Epulo chaka chilichonse alimi amasonkhana kumukumbukira. Mwambo wonsewo ndi wa masamba ouma.

Apa m'pamene mtima wanga umathawira kumudzi, chifukwa mwezi wa Epulo womwewo kwathu ndi nyengo yofutsa. Mvula ikamakata, mabwalo a ku Chifunde amadzaza ndi mphasa. Azimayi amalawirira kumunda ndi madengu, kukathyola nkhwani, chitambe ndi khwanya mame asanakamuke. Pobwera amakhala pansi pa mtengo wa mango, miyendo tambalale, kusadzula nkhwani tsamba ndi tsamba, nkhani zikuyenda. Mphika waukulu umakhala ukuwira kale. Masamba amangowaviika kanthawi kochepa, asanafewe n'komwe, n'kuwavuula, kuwafinya, kuwamwaza pamphasa. Ntchito ya ife ana inali kupirikitsa nkhuku ndi mbuzi, ndipo amene wagona tulo pamthunzi ankaona zakuda madzulo. Akauma gwaa, agogo ankatenga masamba a msuku, kuwalumikiza, kuthiramo mfutso, n'kumanga ndi luzi mpaka chikwatu chitakhala chobulungira. Ankachipachika kutsindwi kwa khitchini, pamwamba pa moto, kuti utsi uzithamangitsa anankafumbwe. Bowa wa utale ndi manyame nayenso ankaumitsidwa chimodzimodzi, therere ankaliduladula n'kuliyanika palichero.

Ubwino wake unkaoneka mu Okutobala, dzuwa likaswa mtengo, madimba atauma, tchire litapsa ndi lupsa. Agogo ankaboola chikwatu pang'ono, kutapamo dzanja limodzi, kuviika m'madzi ofunda, n'kuteleka. Chidulo pang'ono, phwetekere mmodzi, nsinjiro zosefa bwino, mthiko n'kumazungulira mpaka mafuta a mtedza atayandama pamwamba. Fungo lake linkafika mpaka kukhola. Ndi nsima ya ufa woyera, munthu unkadya mpaka kumasula lamba. Koma ife ana tinkang'ung'udza, amvekere mfutso ndi ndiwo za osauka, tikufuna kapenta wa ku Cahora Bassa kapena nyama ya mbuzi. Mlendo akabwera, chikwatu sichinkakhudzidwa, inkafa ndi nkhuku.

Agogo sankapsa mtima. Ankangoti ife sitinaone nkhondo. Pa nkhondo imene inatha mu 1992, anthu ambiri a kwathu anathawira ku Malawi ndi ku Zambia, ena mpaka ku Ukwimi, komwe panthawiyo kunali m'boma la Petauke. Agogo ankasimba kuti pothawa usiku mbuzi sunganyamule, nkhokwe sungasenze, koma chikwatu chimapepuka, ndipo dzanja limodzi la mfutso limadyetsa banja. Chakudza sichiimba ng'oma, ankatero, akupachika chikwatu china.

Makasitomala athu akandifunsa ngati kwathu timadya zosaphika, ndimawayankha kuti inde, ndipo zambiri: masuku a mu Disembala, mango, nthudza, matowo, masau a kuchigwa, malambe, misale, zipwete, mtedza wongokumba kumene. Koma ndimawauzanso kuti makolo athu ankadziwa malire. Chigwada chosaphika chili ndi poizoni, n'chifukwa chake timachisinja ndi kuchiwiritsa nthawi yaitali. Nyemba zosapsa zimatsegula m'mimba ndi kusanzitsa. Ngakhale kaju amene timapera m'khitchini muno, amene dziko lathu la Mozambique linkatsogola pa dziko lonse pomulima kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, amayamba wamutenthetsa pomuswa, chifukwa mafuta a m'chikamba chake amawotcha khungu. Moto si mdani wa chakudya chilichonse.

Pali zina zimene ndere zimapambana nazo masamba athu. Zili ndi ayodini, mchere uja umateteza chotupa cha pakhosi, matenda amene amakonda anthu okhala kumapiri kutali ndi nyanja yamchere ngati ife. Kwathu chitetezo chake ndi mchere wothira ayodini wa m'paketi, ndipo n'chifukwa chake ndimawakumbutsa amayi kuti azigula umenewo. Koma amene amadalira nori yekha kuti apeze vitamini B12, amene amapezeka mu nyama, nsomba, mazira ndi mkaka, akatswiri a zakudya amawalangiza kumwa mapiritsi ake, poti ndere sizodalirika pa zimenezo. Ife B12 tinkamupeza osamudziwa dzina, mu kapenta, mbewa ndi dzira la apo ndi apo.

Tsiku lopuma ndimapita kunyanja. Gombe la kuno limadzaza ndi ndere zikuluzikulu zofiirira, zamitengo yaitali kuposa munthu, zimene mafunde amazitaya pamchenga, ndipo zina amakadyetsa nkhono za perlemoen m'mafamu a ku Hermanus ndi Gansbaai. Madzi ake ndi ozizira moluma mafupa. Malowo ndi okongola, sindikana, koma mphepo yake ilibe fungo la utsi wa nkhuni, ndipo sumva mtondo ukulira. Madzulo ndimaphika nsima pa kambaula ka magetsi m'chipinda changa, ndi sipinachi wa m'sitolo wothira chiponde cha m'botolo. Mimba imakhuta, koma pakamwa pamakhalabe pakufunsa. Munthu akamabwera pa basi kudzera ku Cuchamano ndi Beitbridge, uthenga umayenda pa WhatsApp, ndipo amene walandira kajumbo ka mfutso amaitana anzake. Timakhala mozungulira poto mmodzi, a ku Chifunde, a ku Angónia, a ku Dedza, a ku Katete, ndipo palibe amene amatchula za umphawi. Kwanu n'kwanu, m'thengo mudalaka njoka.

Chimene chimandidetsa nkhawa ndi zimene mchemwali wanga amandiuza, kuti atsikana ambiri masiku ano sadziwa kumanga chikwatu, kuti mitengo ya msuku ikutha ndi nkhwangwa, ndiponso kuti ndalama ya fodya ikalowa anthu amathamangira soya ndi kabichi kumsika, nkhwani n'kumaolera m'munda. Ku Japan ndiwo zouma anazipatsa paketi, dzina ndi tsiku lachikumbutso, ndipo lero zikudyedwa mpaka kuno kumapeto a Africa. Zathu zili ndi kukoma kwake, ndipo sizilira boti kapena makina, zimangofuna mphika, mphasa ndi dzuwa la mu Epulo.

Choncho inu otsala kumudzi, mvula ikamakata chaka chino, musachite manyazi kuyala mphasa pabwalo. Aitaneni ana aakazi ndi aamuna omwe, aone kasadzulidwe, kafutsidwe ndi kamangidwe ka chikwatu agogo awo akadali ndi mphamvu m'manja. Ndipo mukamva kuti wina akukwera basi ya ku Joni, musamutumize chimanjamanja: ife kuno tikudikira mfutso.