Schwarz, swart ndi liwu lathu lakuti "kuda"



Loweruka lapitali ndinakwera phiri ndi ana a Fomu 3. Titalowa m'nkhalango ya paini kufupi ndi damu la Mulunguzi, ndinawauza kuti ku Germany kuli nkhalango yotchedwa Schwarzwald, kutanthauza nkhalango yakuda, poti mitengo yake ndi yothithikana ngati yathuyi. Mnyamata wina analoza mtsikana mnzake n'kunena kuti, "Ndiye uyu ndi Schwarz wathu, aphunzitsi!" Onse anafa nacho chiseko. Mtsikanayo anangoti zyoli. Apa m'pamene ndinaona kuti masaya ake ali ndi mawanga ofiira. Anali atayamba kale kudzola mafuta oyeretsa khungu aja a mumsika.

Usiku umenewo tulo sindinatione. Ndinakumbukira agogo anga, amene anapita ku migodi ya ku Joni pa Wenela, boma lisanaimitse ulendowu mu 1974. Iwo ankatiuza kuti akapitawo achibunu ankawatcha "swart". Liwu limeneli ndi pachibale ndi la Chijeremani lija: Ajeremani amati schwarz, Adatchi amati zwart, a ku Sweden amati svart, ndipo Chingerezi chinasungako swarthy. Akatswiri a ziyankhulo amati mawu onsewa ali pa ubale ndi liwu la Chilatini lakuti sordes, lomwe limatanthauza litsiro.

Ndisanayambe kuloza chala azungu, ndinaganizira Chichewa chathu chomwechi. Timati munthu wakuda. Timatinso malaya ada, kunja kwada, ndikuda nkhawa. Mbali inayi timati mbale yayera, mwezi wayera, ndipo kutchalitchi timapemphera kwa Mzimu Woyera. Mwana amene wakula akumva zimenezi tsiku ndi tsiku, akadziyang'ana pagalasi aganiza chiyani? Anzathu a Chitumbuka analekanitsako: munthu wakuda ndi mufipa, pamene chovala cha litsiro amati chabinkha.

Chondipweteka n'chakuti inenso ndili m'gulu lomwelo. Kwa zaka zambiri ndakhala ndikuima pa asembule n'kumakalipa kuti, "Iwe, kolala yako yada! Thupi lakonso lada, kasambe!" Ndinkanena zimenezi ndili pansi pa mbendera imene inakwezedwa pa 6 July 1964, yomwe mtundu wake wapamwamba ndi wakuda, woimira ife anthu a mu Africa. Mbendera inkanena china, ine mphunzitsi ndikunena china.

Lolemba ndinalemba pa bolodi mawu onse aja, kuyambira schwarz mpaka kuda, ndipo tinakambirana phunziro lonse. Mnyamata uja anapepesa pamaso pa anzake. Za mafuta aja ndinapempha mayi wina wophunzitsa sayansi kuti acheze naye mtsikanayo pambali, chifukwa ena mwa mafutawa amakhala ndi mercury, amene amawononga khungu ndi impso. Ngati wasiya kudzola, nthawi ndiyo idzatiuze.

Chichewa sindingachisinthe ndekha, koma pakamwa panga ndingathe. Kuyambira tsopano kolala ikakhala ndi litsiro ndizinena kuti ili ndi litsiro, basi.

Inu amene munadutsa m'manja mwanga, ngati mawu anga anakulasani tsiku lina, pepani. Aphunzitsi anzanga, kodi inu mumati chiyani pa asembule?