Kwa mwana wanga wopita kukaphunzira za mankhwala



Za ndalama, za anyamata ndi za mapemphero tinakambirana kale pamodzi ndi bambo ako, sindibwerezanso. M'kalata muno muli nkhani imodzi yokha imene ndikufuna upite nayo ku KUHeS: ya maantibayotiki, makapusozi aja anthu amangogula m'magolosale ndi m'misika popanda wowapima. Ndinagwira unamwino mpaka kupuma, ndipo ndinaona mankhwala amene tinkawadalira akutha mphamvu ife tili chipenyere.

Udzamva anthu, ngakhale ophunzira bwino, akunena kuti thupi lawo linazolowera amoxicillin. Ayi ndithu. Chimene chimasintha si thupi, koma tizilombo. Munthu akamwa mankhwala osakwanira, kapena pamene sakufunika, mabakiteriya ofooka amafa, ouma mutu n'kutsala ndi kuswana, ngati namsongole m'munda wopaliridwa mwaulesi. Tizilombo timeneti timathanso kupatsirana tokhatokha mphamvu yokana mankhwalayo. Kenako timatuluka ndi chimbudzi, n'kulowa m'madzi, m'manja, m'chakudya. N'chifukwa chake khanda la masiku atatu, limene silinalawepo kapusozi, limatha kudwala matenda osamva jakisoni. Uzifotokoza zimenezi m'Chichewa chomveka, chifukwa munthu akamaganiza kuti vutoli ndi la thupi lake lokha, amati n'zake, zisakukhudze.

Si nkhani yachilendo. Alexander Fleming, amene anatulukira penicillin mu 1928, anachenjeza kale mu 1945 polandira mphoto ya Nobel kuti kumwa mlingo woperewera kudzapangitsa tizilombo kusamva mankhwalawo. Ofufuza anawerengera kuti m'chaka cha 2019 chokha anthu pafupifupi 1.27 miliyoni anamwalira padziko lonse chifukwa cha mabakiteriya osamva mankhwala, ndipo vutoli linakula kwambiri kuno kumwera kwa chipululu cha Sahara. Koma ine zimene zimandikhudza mtima n'zakwathu konkuno. Kuyambira cha mu 2011 matenda a typhoid anabuka mu Blantyre, odwala n'kuchuluka mpaka mazanamazana pachaka, ndipo ofufuza a pachipatala cha Queen Elizabeth anapeza kuti kachilomboko sikankamva amoxicillin, chloramphenicol ngakhale Bactrim. Atatu onsewo, otchipa, opezeka m'zipatala zing'onozing'ono, anagwa nthawi imodzi. Katemera wa typhoid amene ana analandira mu 2023 anabwera ndi mbiri imeneyo kumbuyo. Lero m'mawodi timathamangira ceftriaxone, ndipo nayenso akuyamba kulephera, makamaka kwa makanda odwala matenda a m'magazi. Akadzatheratu mphamvu, mankhwala otsatira ndi odula, ndipo zipatala zambiri za m'maboma zilibe.

Ndikukumbutsenso za chloroquine, ngakhale malungo si bakiteriya. Tinkamupereka kwa aliyense wotentha thupi mpaka analeka kuchiza, ndipo mu 1993 Malawi linakhala dziko loyamba mu Africa kumuchotsa n'kuika Fansidar. Fansidar nayenso anafooka, mu 2007 tinalandira LA. Chodabwitsa n'chakuti patatha zaka zoposa khumi chloroquine atapumitsidwa, ofufuza ku Blantyre anapeza kuti akuchizanso malungo. Zikusonyeza kuti khalidwe lathu limasintha tizilombo, mbali zonse ziwiri. Koma usadalire mwayi wotere: mabakiteriya ambiri akaphunzira kukana mankhwala sabwerera msanga.

Zonsezi mayeso ake udzakhoza, ndikudziwa mutu wako. Pamene ndikuda nkhawa ndi pakauntala. Ndaonapo ophunzira olemba bwino papepala kuti chimfine chimayamba ndi vairasi ndipo antibayotiki sachichiza, koma iwo eni akangoyetsemula amameza makapusozi otsala a mnzawo. Kugonero anzako akadzadziwa kuti ndiwe wa famase, adzayamba kugogoda usiku. Wina pakhosi pakumuwawa, wina wagwidwa ndi chinzonono akuchita manyazi kupita kuchipatala. Ameneyo makamaka usamulembere dzina la mankhwala pakapepala. Chinzonono chinasiya kale kumva mankhwala ambiri, ndipo bwenzi lake liyeneranso kulandira chithandizo. Muperekeze kuchipatala, n'kumusungira chinsinsi.

Ukadzamaliza, udzakumana ndi mayi wobereka mwana kumsana, atamanga ndalama pakansalu, akupempha makapusozi awiri okha poti ndi amene angakwanitse. Usamunyoze. Sanabwere chifukwa cha umbuli. Mwina chipatala chili kutali, mwina anaima pamzere kuyambira m'mamawa n'kuuzidwa kuti mankhwala atha. Mufunse mwana wadwala bwanji, kuyambira liti. Ngati akutsekula m'mimba mopanda magazi, Thanzi ORS ndi zinc ndizo zofunika. Ngati thupi latentha, akayezetse malungo. Koma ngati akupuma mwabefu, nthiti zikulowa m'kati, chimenecho chikhoza kukhala chibayo, athamangire kuchipatala lero lomwelo, pakuti mwana ameneyo antibayotiki akumufunadi, wokwanira masiku ake onse. Pajatu ana ambiri kuno amafanso chifukwa chosowa mankhwala, osati kuchuluka kwake kokha. Sindikufuna udzakhale wa famase wongodziwa kupukusa mutu.

Mwini sitolo adzakuwerengera zimene wagulitsa pofika madzulo, ndipo adzakuuza kuti ukamukaniza munthu angopita pasitolo yoyandikana nayo. Mwina n'zoona. Koma dzina lolembedwa m'kaundula wa bungwe loyang'anira za mankhwala la PMRA lidzakhala lako, osati lake. Ukamafuna ntchito, ufunsiretu ngati amagulitsa maantibayotiki popanda chikalata cha dokotala, ndipo umve yankho usanavale gawuni yoyera.

Ovuta kwambiri adzakhala ife abale ako. Amalume ako aja amasungunulira makapusozi m'madzi a nkhuku chitopa chikagwa m'mudzi, ndipo adzayembekeza kuti mphwawo uziwatumizira. Chitopa ndi vairasi. Chimapewedwa ndi katemera wodontheza m'diso, osati kapusozi. Agogo ako ali ndi kathumba ka mapiritsi otsala, ena osadziwika ndi dzina lomwe, ndipo amagawira aliyense wotsokomola. Powayankha akuluakulu amenewa ugwade kaye, ulankhule mwaulemu, koma osapereka. Akadzadandaula kuti sukulu yakupatsa mwano, uwatumize kwa ine.

Kusukuluko usamangoloweza maina. Ukamve bwino chifukwa chimene bungwe la WHO linagawira maantibayotiki m'magulu atatu, oyambira, osamala nawo ndi osungira pamavuto aakulu. Ukapite kulabotale ukaone ndi maso ako mbale imene bakiteriya wamera mpaka kukhudza kapepala ka mankhwala, osaopa. Powerenga chikalata cha dokotala, mlingo ukakukayikitsa, imba foni ufunse ngakhale akhale wamkulu bwanji; safunsa anadya phula. Ndipo uzisamba m'manja pochoka kwa wodwala aliyense, poti matenda amene sanafale safunanso mankhwala.

Iwe mwini ukadwala, pita ukapimidwe ngati wina aliyense, osadzilembera wekha. Neti yako ndaiika pansi pa zovala m'chikwama chachikulu, uzigonamo. Ukafika utiimbire, bambo ako sagona mpaka atamva mawu ako.

Ndine mayi ako.