Tinamuuza Kuti Alimbe Mtima



Sabata ino tiyamba ndi kuulula kulakwa kwathu. Tsiku lina Lamulungu, Misa yachiwiri itatha, mnyamata wina wa m'kwaya anatitsatira mpaka pakhomo la ofesi ya parishi. Anaima nthawi yaitali akupotokola chipewa m'manja, kenako anati, "Akatekisiti, masiku ano sindikugona." Njinga yamoto ya kabaza imene anagula ndi ndalama za katapila inali itabedwa, mwini ndalama ankafika m'mawa uliwonse, ndipo mkazi wake anali woyembekezera. Ife tinali kuthamangira ana a Ukaristia woyamba. Tinamugwira paphewa ndi kumuuza mawu amene nafenso tinakula tikuwamva: "Limba mtima, ndiwe mwamuna. Uzipemphera." Anamwetulira, nathokoza, napita.

Patapita milungu itatu, mkulu wake anamupeza usiku atatsala pang'ono kudzichotsera moyo. Mwa chifundo cha Mulungu ali moyo lero, ndipo watilola kufotokoza nkhaniyi osatchula dzina lake. Koma mtima wathu sunaleke kutitsutsa. Munthu anabwera kudzagogoda, ife tinamuyankhira pawindo.

Tonse tikudziwa mmene timalerera ana aamuna. Akagwa n'kuyamba kulira, timati mwamuna salira. Pamaliro amayi amakhetsa misozi m'nyumba ya siwa, pamene abambo timakhala panja pansi pa mtengo, kukambirana za bokosi ndi za adzukulu. Mnyamata amaphunzira msanga kuti chisoni chake chilibe pokhala. Akakula, ngongole, ulova kapena kutha kwa banja zikamugwera, amathawira ku kachasu kapena amangoti zii. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati anthu oposa 700,000 amadzipha chaka chilichonse, ndipo amuna amaposa akazi kowirikiza kawiri. Kuno kwathu malipoti a apolisi amaonetsanso kuti ambiri mwa odzipha ndi amuna.

Kodi kulimba kumene timawaphunzitsaku tinakutenga kuti? M'Malembo Oyera simuli. Mneneri Eliya atathawa Yezebeli anakhala pansi pa kamtengo m'chipululu napempha imfa. Mngelo sanamudzudzule. Anamupatsa chakudya ndi madzi, namulola agonenso. Ambuye Yezu ku Getsemani sanabise chisoni chawo kwa Petulo, Yakobe ndi Yohane, ndipo anawapempha kuti achezere nawo. Nanga ife ndife yani kuti tichite manyazi ndi zimene Ambuye sanachite nazo manyazi?

Tikumbukirenso Yohane Woyera wa Mulungu, amene Eklezia imamukumbukira pa 8 Marichi. Iye anatsekeredwapo m'chipinda cha odwala misala ku Granada, m'dziko la Spain, kumene odwala ankakwapulidwa poganiza kuti ndiwo mankhwala. Atatuluka anapereka moyo wake wonse kusamalira odwala mwaulemu mpaka imfa yake mu 1550. Chipani chimene chinabadwa ndi ntchito yake ndicho chimayendetsa zipatala za St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe, zothandiza ovutika maganizo. Choncho pemphero ndi chipatala si adani. Wodwala malungo timamupempherera kwinaku tikumupatsa mankhwala. Wodwala maganizo asiyanenji?

Titani tsono? Mnzathu akatha milungu iwiri kapena kuposerapo osagona bwino, osafuna chakudya, akuthawa anzake, kapena akunena kuti ndi mtolo kwa ena, tisadikire kuti abwere yekha. Tipite, tikhale naye pansi, timvetsere osafulumira kulalika. Timufunse mosapita m'mbali ngati akuganiza zodzipha. Funso limeneli silimupatsa munthu maganizo amene analibe, koma limamutsegulira pakamwa. Akavomera, tisamusiye yekha, tichotse pafupi chilichonse chimene angadzivulaze nacho, ndipo timuperekeze ku chipatala cha boma lathu, kumene angamuthandize kapena kumutumiza ku Zomba Mental Hospital ngati kuli kofunika. Ndipo zimene watiuza zisakhale nkhani ya pamjigo kapena ya pa WhatsApp.

Mnyamata uja tinamuperekeza, ngakhale mochedwa. Analandira uphungu ndi mankhwala, ndipo abambo a mumphakati wake anapita naye kukakambirana ndi mwini ndalama. Ngongole sinathe, koma wabwerera m'kwaya. Tinamupepesa. Anangoti, "Tsiku lija ndinkangofuna mundipatse mpando."

Kuyambira pamenepo mu ofesi muja muli mpando wachiwiri, ndipo ana a katekisimu amatha kudikira mphindi khumi. Sabata ino aliyense wa ife aganizire mnyamata kapena bambo mmodzi amene wasowa pakati pathu, ndipo apite kukamuona Lamulungu lisanafike. Mutu umodzi susenza denga.

Ambuye akudalitseni nonse.