Nsomba za mitundu iwiri m'galasi limodzi

Kunyumba kwanga ku Area 25 ndili ndi galasi la nsomba, muli goldfish ziwiri. Tsono mnyamata wina yemwe ndinamuphunzitsa Fomu 4 anandibweretsera betta yofiira kuchokera ku Joni, akuti mphatso ya aphunzitsi. Ine osaganiza n'komwe, ndinangoiponya momwemo.

Mphunzitsi wa Biology ameneyo! Betta kwawo ndi ku Thailand, imafuna madzi ofunda, madigiri 24 mpaka 28. Goldfish inachokera ku China, imakonda madzi ozizirirapo, ndi yosusuka ndipo imadetsa madzi msanga. Kuzizira kwa Lilongwe mu June mukukudziwa. Betta ija inangoti zii pansi, zipsepse zitafota, chakudya chonse goldfish zikumaliza. Ndinagula hita, koma madzi atafunda goldfish nazo zinayamba kupumira pamwamba, poti madzi ofunda amasunga mpweya wochepa. Magetsi akazima usiku, betta ikuvutikanso.

Pano ili m'chidebe chakechake, hita ili momwemo. Mnyamata uja akaimba foni amafunsa, "Sala, nsomba ija ili bwanji?" Ndimangoti ili moyo. Za June uja sindinamuuze.