Tchuthi cha achinyamata achiyuda ku Israel

Sukulu zikatsekera mu June ku America, achinyamata ambiri achiyuda amakwera ndege kukakhala ku Israel masabata angapo. Limodzi mwa mabungwe okonza maulendowa ndi NCSY, lomwe linayamba mu 1954 pansi pa bungwe la Orthodox Union.

Kuona malo kumadya nthawi yambiri. Ku Masada amalawirira mbandakucha, n'kukwera phirilo wapansi kuti dzuwa liwatulukire ali pamwamba, poti masana m'chipululumo mumatentha koopsa. Ku Jerusalem amafika pa khoma la Western Wall, pomwe ena amatsomeka timapepala ta mapemphero m'ming'alu ya miyala.

Pophunzira Torah, malemba oyera achiyuda, amakhala awiriawiri: wina awerenga ndime, mnzake amutsutsa, mawu n'kumakwera ngati ayambana. Kaphunziridwe kameneka amakatcha chavruta.

Amagwiranso ntchito yongodzipereka, yomwe gwero lake ndi malemba. Levitiko 19 amalamula mlimi kuti asiyire osauka khunkha. Masiku ano bungwe la Leket Israel limatenga magulu otere kukathyola zipatso ndi masamba otsala m'minda, n'kuzigawa kwa osowa. Sabata likalowa Lachisanu madzulo, zonsezi zimaima mpaka Loweruka kutada.